Hickory wofiira wamkati, angatuluke uta kapena ndi nkhuni basi?

Mlenje_SouthBend
Abale ndithandizeni nzeru. Chaka chatha mphepo inagwetsa mtengo wa hickory kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Indiana, mwini nyumba anati nditenge chomwe ndikufuna zotsala awotcha. Ndinadula thunthu lowongoka bwino la mamita awiri nkuling'amba panayi nkusunga mu garaja ndi makungwa ake omwe. Dzulo ndimati ndiyambe kusema ndapeza mbali yoyera yakunja ija yadzaza timabowo, fumbwe akungothothoka ngati ufa. Mkati mofiira muli bwinobwino, olo bowo limodzi. Mnzanga wakuntchito yemwe amasema mauta akuti wofiira wa hickory ndi wofwamphuka ndingowotchera nyama. Mtima ukundiwawa chifukwa mtengowu ndinaunyamula ndekha ndipo ndaudikira chaka chathunthu. Alipo anayesapo?

Kalipentala_wa_Ndirande
Mnzanuyo akukunamizani. Mtengo uliwonse mphamvu ili mu mtima. Ine mlombwa ndikagula choyera chakunja chija ndimachotsa kaye, kasitomala sangalandire chitseko chokhala ndi choyera chifukwa chimafumbwa. Semani wofiirawo basi.

NsingaYaUta
Akulu a ku Ndirande, za chitseko mukunena zoona koma uta si chitseko. Chitseko chimangoima, uta umapindidwa kambirimbiri ndipo mbali ziwiri za uta zimagwira ntchito zosiyana. Mbali yoyang'ana kutsogolo komwe muvi ukupita, yomwe timati msana, imakokeka. Mbali yoyang'ana kwa woponya, mimba, imafinyika. Chimene hickory amatchukira ndi kupirira kukokeka, ndipo anthu ambiri kuno ku America amakonda choyera chakunjacho osati chifukwa wofiira ndi woipa ayi koma chifukwa cha ntchito yochepa. Ukadula mtengo May kapena June madzi akukwera khungwa limangosendeka ndi manja ngati chinangwa, ndipo pansi pakepo ndi msana wa uta wokonzeka kale, sukhudzanso ndi mpeni. Nchifukwa chake mauta ambiri a hickory mumawaona oyera. Mitengo ina ndi mosemphanitsa, osage orange choyeracho umachotsa chonse nkusema uta mu mtima wachikasu uja. Ndiye lamulo limodzi la mitengo yonse palibe.

Kalipentala_wa_Ndirande
Chabwino ndamva. Koma ndiye mwavomereza kuti wofiirawo si woipa.

NsingaYaUta
Ndavomereza, koma pali ntchito yomwe achimwene a ku South Bend akuyenera kugwira kaye, ndifotokoza ndikaweruka.

MaiChikondi_Leeds
Pepani kufunsa, hickory ndi mtengo wanji? Kwathu ku Dedza ulipo?

Gogo_Tech
Mayi, ndi mtengo wa kummawa kwa North America, kwathu sumera m'tchire. Uli pachibale ndi pecan uja wa mtedza. Ngati munagwirapo mpini wa nkhwangwa kapena hamala yochokera ku America, kapena timitengo toimbira ng'oma za bandi, mwina munaugwira osadziwa. Mitundu yake ilipo ingapo, shagbark wa makungwa olendewera ngati sanza, pignut, mockernut, bitternut.

Mlenje_SouthBend
Wangawu ndi shagbark, makungwa ake ndi omwewo olendewera.

Gogo_Tech
Nkhani ya wofiira ndi woyerayi ndi yakale kwambiri ndipo sinayambire ku mauta, inayambira ku mipini. Ogula mipini ya nkhwangwa ku America ankakana yofiira amvekere imathyoka msanga, mpaka opanga mipini ankataya mitengo yambiri yabwino. A Forest Products Laboratory, bungwe la boma lofufuza za matabwa ku Madison, Wisconsin, anayeza nkupeza kuti ngati kulemera kuli kofanana, wofiira ndi woyera mphamvu ndi imodzimodzi. Chomwe chinkachitika nchoti mitengo yokalamba yokula pang'onopang'ono ndi yomwe imakhala ndi mtima wofiira waukulu, ndipo mitengo yotereyi mizere yake ya chaka, ija yozungulira imaoneka podula, imakhala yopyapyala, thabwa lake lopepuka. Ndiye anthu ankaimba mlandu mtundu pomwe vuto linali kupepuka. Achimwene yang'anani kumapeto komwe munadula, mizere ya mkati mofiiramo ndi yonenepa kapena yothithikana ngati masamba a buku?

Mlenje_SouthBend
Ndapita kukaona. Chakunja ndi yothithikana koma ukalowa mkati mofiira ndi yonenepa, ina kufika mamilimita atatu kapena anayi.

Gogo_Tech
Ndiye muli ndi mwayi, mtengowo unakula mwachangu uli waung'ono. Musawotche.

Chimwemwe265
Koma anthu inu mfuti zili mbwee ku America konko mukuvutikiranji ndi uta?

Mlenje_SouthBend
Achimwene funso lanu ndi labwino ndiyankha. Agogo anga aamuna ku Ntchisi anali ndi uta womwe unkakhala kudenga pamwamba pa moto, wakuda bii ndi mwaye, ndi phodo lake la mivi ya bango. Ife ana sitinkaloledwa kuukhudza. Atamwalira nyumba ija inagwa ndipo palibe anasunga utawo, ine ndinali ku sukulu yogonera konko. Mpaka lero ndikafunsa kumudzi kuti unali wa mtengo wanji aliyense amatchula wake. Ndiye ndikufuna mwana wanga yemwe anabadwira kuno adzaone bambo ake akusema uta ndi manja, olo mtengo ukhale wachilendo. Kusaka ndi nkhani ina, kuno nyengo yosaka agwape ndi uta imayamba pa 1 October ndipo lamulo limafuna uta womwe mphamvu youkokera ndi yosachepera mapaundi 35, koma ine cholinga changa si nyama.

Chimwemwe265
Ndamva achimwene, pepani ngati ndinalankhula mopepuka.

Anaphiri_ku_Joni
Mwandikumbutsa kutali. Kwathu ku Chikwawa amalume anga uta wawo unali wobulungira ngati ndodo wosongoka mbali zonse, osati wophwatalala ngati ndimaona a ku America. Nsinga ankapota ya chikopa. Mvula ikayamba ankati uta wagona, ankaupachika pafupi ndi moto masiku angapo asanapite ku uzimba.

Gogo_Tech
Anaphiri, ku Chigwa cha Shire kwanuko ndi komwe kunachokera nkhani ya kombe. John Kirk, dokotala yemwe ankayenda ndi Livingstone, anatola mbewu za kombe zomwe alenje ankapangira ulembe wopaka ku mivi, nkuziika m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa mkamwa kenako anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu za kombe zinakafika ku Edinburgh komwe Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo mpaka lero dzina la mtengowo m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe, dzina lathu lomwe.

Anaphiri_ku_Joni
Zoona agogo, amalume ankati nyama ikagwa umadula pomwe palowa muvi nkutaya, kwinako kudya.

BamboAMphatso
Tisaphunzitsane za ulembe pano chonde, pagulu pano pali achinyamata.

Gogo_Tech
Palibe wanena kapangidwe kake bambo, ndi mbiri chabe. Koma ndamva.

NsingaYaUta
Ndaweruka tsopano, tibwerere ku mtengo wa achimwene. Choyamba fumbwe uja. Hickory tizilombo timamukonda koopsa, ukasiya khungwa timaikira mazira mmenemo ndipo timadya choyeracho chifukwa ndi momwe muli chakudya. Ulendo wina mukadula sendani tsiku lomwelo, pakani guluu wa matabwa kapena penti kumapeto konse kuwiri ndi pamsana kuti asang'ambike pouma. Pano zachitika kale ndiye chotsani choyera chonse mpaka musaonenso bowo ngakhale limodzi, chifukwa bowo limodzi pamsana ndi pomwe uta udzathyokere.

Chachiwiri ndi chomwe chili chovuta. Msana wa uta ukuyenera kukhala mzere umodzi wa chaka kuchokera nsonga iyi mpaka nsonga inayo osadukiza. Mzere uliwonse uli ndi zigawo ziwiri, kagawo kofewa ka timabowo komwe mtengo umapanga kumayambiriro a nyengo yomera, ndi gawo lolimba lomwe umapanga pambuyo pake. Sankhani mzere wonenepa mkati mofiiramo, ulembeni ndi pensulo kumapeto, ndiye muzisenda zapamwamba pake ndi mpeni wa zigwiriro ziwiri uja wokokera kwa iwe mwini. Mukafika pa kagawo kofewa mudzamva, mpeni umalira mosiyana ngati ukupala chikhokho cha mumphika. Pamenepo siyani mpeni, tengani chopalira muzipala pang'onopang'ono mpaka gawo lolimba la pansi pake lionekere losalala. Pa osage izi nzosavuta chifukwa mizere imaoneka bwino, pa hickory maso amawawa, chitani panja dzuwa likupendeka kapena ikani nyale chammbali. Pomwe pali mfundo musadule, izungulireni musiye kachitunda. Ine wanga woyamba unanditengera madzulo asanu msana wokha.

Mlenje_SouthBend
Nanga ndikalakwitsa nkuboola mzerewo?

NsingaYaUta
Mutsikira mzere wotsatira nkuyambiranso, nchifukwa chake musayambe ndi mzere womaliza wabwino. Koma hickory amakhululuka kuposa mitengo yambiri, ulusi wake ndi wolukanalukana. Mukaboola pang'ono mutha kumata nsalu ya linen kapena chikopa chosafufuta pamsana ndi guluu, uta ukhala.

UtaWaLeza_77
Ine apa nditsutsa. Ndinasemapo mauta atatu a hickory, awiri oyera umodzi wofiira, ndipo wofiirawo unathyoka pa tsiku lachitatu ndikuponya, chidutswa chinandimenya pachipumi magazi kutuluka. Oyera aja mpaka lero alipo zaka zisanu. Za ku laboratory zo ndi za mipini, mpini supindidwa ngati uta wokokedwa nsinga mainchesi 28. Anthu osema mauta akamanena kuti wofiira ndi wofwamphuka sakulota, anaona. Achimwene kadulani mtengo wina June akubwerayu muyambe ndi woyera, musataye miyezi pachabe.

Gogo_Tech
Pepani ndi ngoziyo. Koma uta umodzi sungaweruze mitengo yonse. Unathyokera pati?

UtaWaLeza_77
Pakati pa nthambi yakumwamba ya uta, theka lopindika lija, unayamba kutukuka kachibanthu pamsana kenako phwaa.

NsingaYaUta
Kutukuka kachibanthu pamsana nthawi zambiri ndiye kuti mzere unadukizidwa pamenepo kapena mtengo unayamba kuola. Munausema kuchokera ku thunthu kapena thabwa la kusitolo?

UtaWaLeza_77
Thunthu lomwe ndinatola m'nkhalango litagwa kale, kunja kunali kutaola ndiye ndinatenga mkati.

NsingaYaUta
Ndiye ndi pamenepo akulu. Hickory akagona pansi sachedwa kuwonongeka, olo mkati muoneke bwino mphamvu yokokeka ija imakhala itapita. Mlandu si wa kufiira. Koma mwakumbutsa chinthu chofunika, achimwene a South Bend mtengo wanu unagona pansi nthawi yaitali bwanji? Komanso mtengo wogwa ndi mphepo nthawi zina umakhala ndi ming'alu yobisika yodutsa chopingasa.

Mlenje_SouthBend
Unagwa Lachisanu usiku ndinadula Lamlungu, unali wamoyo masamba obiriwira. Gawo lomwe ndinatenga silinagunde pansi linatsamira pa mpanda.

UtaWaLeza_77
Ndiye mwina zanu zisiyana ndi zanga. Komabe ine maganizo anga sindisintha, munthu woyamba kumene ayambe ndi woyera. Ngati mukakamira chitani chinthu chimodzi, ng'ambani kachidutswa kotalika ngati mkono kopyapyala ngati chala, kapindeni pabondo. Hickory wabwino amapindika kwambiri nkuyamba kunyenyeka ngati mzimbe osaduka. Akangoti thyo ngati chinangwa chouma musapitirize.

NsingaYaUta
Apa tagwirizana, mayeso amenewo ndi abwino.

MaiChikondi_Leeds
Kuno ku UK ndinapita ndi ana ku Portsmouth kukaona sitima ya Mary Rose ija inamira mu 1545 nkuivuula mu 1982, muli mauta ambirimbiri aataliatali kuposa munthu ndipo ndinaona kuti mbali imodzi ndi yoyera ina yofiirira. Ndi hickory yemweyu?

Gogo_Tech
Ayi mayi amenewo ndi a yew. Mtengo umenewo umapereka zonse ziwiri pakamodzi, choyera chake chimapirira kukokeka ndiye chimakhala kumsana, mtima wake umapirira kufinyika ndiye umakhala kumimba. Uta wakale wa hickory womwe umadziwika kwambiri ndi uja amati Sudbury bow, unatengedwa kwa mmodzi mwa eni nthaka a ku America mu 1660 ku Massachusetts ndipo umasungidwa ku Peabody Museum ku Harvard. Ndi wautali pafupifupi ngati munthu, nthambi zophwatalala, pogwirira popyapyala. Osema mauta ambiri amakopera maonekedwe amenewo mpaka lero.

Dalitso_Atlanta
Inu nonse mukukamba za mtundu koma mdani weniweni wa hickory ndi chinyezi, ndikulankhula ngati munthu wokhala ku Georgia. Mtengo umenewu umamwa chinyezi cha mumpweya ngati siponji ndipo suchedwa. Wanga ndinausema bwinobwino mapaundi 50, pofika August unali utatsika mphamvu ndipo ukaumasula nsinga sunkawongokanso unkangokhala chopindika, mivi ikupita mwaulesi. Mitengo ina imafuna chinyezi cha 9 kapena 10 peresenti koma hickory amasangalala pa 6 mpaka 8. Garaja yanuyo siyokwanira achimwene olo papite zaka zitatu. Chitani chonchi, mukamaliza msana semani mtengowo ufike pafupi ndi maonekedwe a uta, muulowetse m'nyumba, muziuyeza pa sikelo ya kukhitchini masiku atatu alionse nkumalemba. Ukasiya kutsika kulemera kwa sabata ziwiri ndiye wauma. Inu muli ndi mwayi chifukwa ku Indiana nthawi yozizira hita imaumitsa m'nyumba kwambiri, January ndi February ndi miyezi yabwino yopindira uta. Ndipo musaupinde ngakhale kamodzi usanaume, ukapindika uli wauwisi subwereranso.

Anaphiri_ku_Joni
Ndiye ndi zomwe amalume ankachita popachika pamoto zija.

Dalitso_Atlanta
Ndi zomwezo ndithu Anaphiri. Ndipo agogo a achimwenewa uta wawo wokhala kudenga pamwamba pa moto unali pamalo abwino kuposa garaja iliyonse, utsi umathamangitsa fumbwe kutentha kumachotsa chinyezi. Kuno tsopano anthu amawamba mimba ya uta ndi heat gun, kachipangizo kouzira mpweya wotentha, kapena pa makala mpaka iderepo ngati buledi wootcha, mimba yokha osati msana, zimathandiza kuti hickory asagonje pofinyika chifukwa kumimba ndi komwe ali wofookerapo.

Kalipentala_wa_Ndirande
Zowamba mtengo pamoto ife timachita ndi mipini ya makasu kuyambira kale. Koma funso langa, poti hickory kuno kulibe, munthu atafuna kuyesa ku Blantyre kuno angatenge chani? Bulugama?

NsingaYaUta
Yesani njira ya pabondo ija ya a UtaWaLeza pa mitengo yomwe muli nayo, mtengo wolemera womwe ukupindika osaduka ndi womwewo. Nsungwi nazo musazidelere, ku Japan mauta awo aatali aja amamata nsungwi ndi mtengo. Koma koposa zonse pitani kumudzi mukafunse madala omwe anapitako ku uzimba adakali moyo, akulozereni mtengo weniweniwo ndi chala, mudzatiuze ife tomwe.

BamboAMphatso
Ndipo mukadula wachilengedwe mudzale wina, mapiri a ku Ndirande ndi Soche mukuwaona mmene alili.

Kalipentala_wa_Ndirande
Zoona bambo, ndodo imodzi yokha ndikufuna osati lole.

Mlenje_SouthBend
Ndapanga mayeso a pabondo aja. Kachidutswa kapindika mpaka nsonga kutsala pang'ono kukumana kenako kayamba kunyenyeka kumimba, sikanaduke. Ndipatseni miyezo tsopano, ine ndimakoka mainchesi 28.

NsingaYaUta
Utali mainchesi 68, ndiye pafupifupi masentimita 173. Pogwirira mainchesi 4 pakati, kenako mainchesi 2 mbali iliyonse pomwe pogwirira pakusanduka nthambi. Nthambi zikhale zotambalala mainchesi 2 kapena kuchepera pang'ono mpaka theka la utali wake, kenako zizichepa mpaka theka la inchi kunsonga. Mzere wapakati musajambule ndi rula, tsatirani ulusi wa mtengo, ukakhota inunso khotani. Poti ndi woyamba komanso ndi wofiira womwe tikukanganawu, lingani mapaundi 40 mpaka 45 basi.

Ntchito yeniyeni ndi tillering, kupala kumimba kuti nthambi zonse ziwiri zizipindika mofanana bwino. Khomani kathabwa kukhoma koikapo uta, chingwe chidutse pa pule pansi kuti muzikoka mutaima patali nkumaona. Ikani sikelo pachingwepo. Malamulo ndi awiri, musakoke kupyola mapaundi omwe mukulinga ngakhale kamodzi, ndipo mukaona malo omwe akupindika kwambiri kuposa ena lembani pensulo musakhudzepo, palani malo ouma okhaokha. Mukapala kakhumi kokani kamakumi awiri kuti mtengo uzolowere musanaweruze. Anthu ambiri uta amauwonongera apa chifukwa chofuna kuponya lero lomwe, kuona maso a nkhono nkudekha.

UtaWaLeza_77
Ndipo valani magalasi otchinga maso pokoka koyamba. Ine chipsera chilipo mpaka pano.

Chimwemwe265
Zopalapala zotsalazo musataye achimwene, hickory ndi amene amafukizira nyama ku America konko eti? Kanyenya wake ndinamva kuti ndi wina.

Dalitso_Atlanta
Ndi yemweyo, choyera chofumbwacho chiwotchereni nkhumba sichinapite pachabe.

Mlenje_SouthBend
Abale ndabweranso patapita miyezi itatu kuti ndikuuzeni. Chidutswa choyamba ndinaboola mzere kawiri pafupi ndi mfundo ndinachisiya, chachiwiri msana unatuluka woyera bwino kuchokera nsonga mpaka nsonga. Ndinauika kuchipinda pafupi ndi hita, unatsika kulemera kwa masabata asanu kenako unaima. Tillering yanditengera masabata atatu madzulo okhaokha ndikaweruka. Panopa ukukoka mapaundi 42 pa mainchesi 28, ndaponya mivi yopitirira 200 sunalire ngakhale pang'ono. Ndikaumasula umatsala wopindika pafupifupi inchi ndi theka, nthambi yapansi ndi yomwe yagonja kwambiri, ndikuganiza ndinapala mopyola pafupi ndi pogwirira. Mtundu wake ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mwana wanga ndi amene wapota nsinga ndi ine, tinagwiritsa ulusi wa Dacron. Sindinapake kalikonse, ndipake chani?

Dalitso_Atlanta
Pakani msanga chilimwe chisanafike, mafuta a matabwa aja amati tung oil kangapo kapena vanishi wopyapyala kanayi kasanu, osaiwala m'mipata ya nsinga. Ndipo uzigona m'nyumba osati mu garaja kapena m'galimoto, mukamaliza kuponya muzimasula nsinga. Inchi ndi theka pa uta woyamba palibe chodandaula.

UtaWaLeza_77
Mivi 200 ndi chiyambi chabwino, ndakondwa nanu. Mudzatiuzenso ikakwana 1000 komanso August akadutsa, pamenepo ndidzavomera. Zidutswa ziwiri zatsala zija musawotche, chimodzi ndikufuna ndiyesenso ndekha ngati mungatumize ku Ohio, za positi ndilipira.

Mlenje_SouthBend
Ndikusungirani chowongoka kwambiricho akulu, ndilembereni ku inbox.

Kalipentala_wa_Ndirande
Ine Loweruka ndikupita kwa Kunthembwe kuli mdala wina amati ankasema mauta, ndanyamula kope ndi pensulo.